KUSUNGA MIZU YA MANKHWALA KUTI ISAOLE

Nyengo yokumba mizu yafika. Mvula yatha, udzu wayamba kuuma, ndipo m'misika ya m'boma lathu la Ntcheu, monga pa Manjawira m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, ogulitsa jinja, gondolosi ndi mizu ina ya mankhwala ayala kale malonda awo. Ambiri a ife timadziwa kusunga chimanga m'nkhokwe, mbatata m'nkhuti ndi mfutso m'chikwatu. Koma tikakumba muzu wa mankhwala nzeru zimatithera: timauponya m'jumbo, kumanga pakamwa, ndi kukoloweka pa msomali. Pakapita masabata awiri muzu uja timaupeza utafewa, utachita chuku, ukununkha. Ena amautaya. Ena, ndipo awa ndiwo akutidetsa nkhawa, amangopala chukucho ndi mpeni, nawiritsa muzuwo, namwetsa wodwala.

Mwezi uno tiphunzira za kasungidwe ka mizu, ndipo aphunzitsi athu akhala anthu a ku China. Sitinawasankhe chifukwa chakuti mitengo yawo iposa yathu, ayi. Chimene anatiposa nacho n'chakuti iwo analemba. Zimene agogo athu ankauza adzukulu awo pakamwa, zina n'kupita nazo kumanda, asing'anga a ku China ankaziika m'mabuku. Mmodzi wa iwo, dzina lake Sun Simiao, m'buku lake la cha m'ma 652 analemba mutu wonena za kosungira mankhwala, nalangiza kuti mankhwala ouma aikidwe m'mitsuko yomata pakamwa, ndi kuti mitsukoyo isakhale pansi koma pamalo okwera, kutali ndi chinyontho cha dothi. Wina, Li Shizhen, anatha zaka 27 akulemba buku lotchedwa Bencao Gangmu, nalimaliza m'chaka cha 1578. M'bukumo muli mankhwala 1,892, ndipo pa ambiri a iwo anafotokoza nyengo yake yokumba ndi kakonzedwe kake. Kuno kwathu mabuku a mitengo anadza mochedwa. La Jessie Williamson lonena za zomera zothandiza za m'dziko muno linatuluka mu 1955, ndipo la Brian Morris lonena za mankhwala a Achewa linatuluka mu 1996.

WAUWISI NDI WOUMA NDI MANKHWALA AWIRI

Tengani jinja, amene tonse timamudziwa. Ife tikati jinja, ndi jinja basi. Koma kwa sing'anga wa ku China jinja wauwisi ali ndi dzina lake, sheng jiang, ndipo amampatsa munthu wa chimfine chongoyamba kumene kapena wa mseru ndi kusanza. Jinja wouma ali ndi dzina lina, gan jiang, ndipo ntchito yake amati ndi kutenthetsa m'mimba mwa munthu wozizidwa m'kati. Sing'anga akalemba kuti wodwala amwe wauwisi, wogulitsa mankhwala sapereka wouma m'malo mwake. Akatswiri a masiku ano anapeza kuti kusiyanitsaku kuli ndi maziko. Chinthu chimene chimatentha lilime mu jinja wauwisi amachitcha gingerol, ndipo jinja akauma kapena akatenthedwa, china mwa chimenechi chimasanduka shogaol, amene amatentha koposa. Aliponso muzu wina wa kumeneko wotchedwa dihuang umene uli ndi maina atatu: lina uli wauwisi, lina utauma, lina utaphikidwa ndi nthunzi n'kuda bii. Uliwonse uli ndi ntchito yake.

Tsono phunziro lathu ndi ili. Tsiku lomwelo mwakumba muzu, sankhani chimodzi: kapena muusunge wamoyo, kapena muumitse msanga. Njira ziwirizi n'zosiyana kotheratu, ndipo zimene zimathandiza pa ina zimaononga pa inzake. Muzu umaola chifukwa chosiyidwa pakati, wosati wamoyo wosati wouma.

Mwina wina afunsa kuti, kodi muzu wozulidwa ungakhale bwanji wamoyo? Taganizani za mbatata. Mukaikumba n'kuisiya m'nyumba imaphuka yokha. Muzu wa mankhwala nawonso sufa tsiku lokumbidwa. Umapuma, ndipo popuma umatulutsa madzi ndi kutentha. Mu jinja wauwisi madzi alimo pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu. Mukamutsekera m'jumbo madziwo alibe kothawira. Amachita thukuta m'kati mwa jumbomo, ndipo chuku sichifuna china koposa malo ofunda, onyowa ndi opanda mphepo. Jumbo ndi yabwino ponyamulira kuchokera ku msika, koma mukafika kunyumba khuthulani.

KUKUMBA

Za kakumbidwe sitichulukitsa mau, pakuti akuluakulu amene akuwerenga pepalali amadziwa kuposa mlembi. Achaina amakumba mizu masamba atafota kapena mphukira zisanatuluke. Kwa ife nyengo imeneyi ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Chifukwa chake n'chakuti chomera chikamataya masamba chimatsitsira chakudya chake ku muzu, ndipo mvula ikayamba chimachikokanso kupita nacho ku masamba atsopano. Muzu wa m'dzinja umakhala wodzala madzi, wovuta kuuma. Jinja amakhwima patapita miyezi 8 kapena 9 chibzalire, masamba ake akachita chikasu ndi kugwa.

Kumbani patali pang'ono ndi tsinde kuti khasu lisateme muzu, pakuti bala lililonse ndi khomo la zoola. Ngati ndi mtengo, monga muwawani kapena mpoza, tengani mizu ya mbali imodzi, siyani muzu waukulu wopita pansi, ndipo kwirirani dzenje. Mitengo yatha kale ndi makala m'madera ambiri a m'mbali mwa msewu, ndipo gondolosi, amene akatswiri a zomera amamutcha Mondia whitei, wayamba kusowa m'maiko angapo a mu Africa chifukwa chozulidwa ndi tsinde lomwe. Wokumba amene amawoletsa theka la mizu yake amabwerera kutchire kawiri pa ntchito ya ulendo umodzi.

KUSUNGA WAMOYO MU MCHENGA

Njira imeneyi ndi ya mizu yonenepa ndi yamadzi, monga jinja ndi tameriki. Mizu yolimba ya mitengo siifuna mchenga, imeneyo ingoumitsani. Ogulitsa mankhwala ku China akhala akusunga jinja ndi dihuang wauwisi mu mchenga wonyowa pang'ono kuyambira kale, makina oziziritsa asanabwere, ndipo aliyense wodziwa nkhuti ya mbatata aona kuti nzeru yake ndi imodzimodzi.

Choyamba sankhani. Muzu wotemeka, wobooledwa ndi mbozi kapena wofewa pena pake uike padera kuti ukaumitsidwe kapena kugwiritsidwa ntchito msanga. Mu mchenga mulowe yathunthu yokha.

Musatsuke. Apa ndi pamene amayi ambiri okonda ukhondo amaphonya, pakuti amaona ngati kusunga chinthu chadothi ndi uve. Koma madzi amafewetsa khungu la muzu, ndipo kukwecha kumalisupula. Ingosansani dothi ndi manja, dulani mapesi, ndi kuyala mizuyo pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti pamene mwadula paume. Pamene pali poonekera mnofu pakanipo phulusa louma la pamoto. Kutsuka kudzabwera tsiku logwiritsa ntchito.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wopanda manyowa kapena zinyalala. Uyanikeni padzuwa tsiku limodzi, kenaka uwazeni madzi pang'ono. Kudziwa muyeso wa madzi ndiko kovuta, tsono yesani chotere. Tapani mchenga kudzaza dzanja n'kufinya. Ukadontha madzi, wanyowa kwambiri. Ukangoyoyoka pakati pa zala, wauma kwambiri. Woyenera ndi umene umaumbika mukafumbatula dzanja koma n'kuphwasuka mukaugunda ndi chala.

Chosungiramo chabwino ndi mphika wakale wobooka pansi, uja mumafuna kuupatsa nkhuku. Dengu kapena bokosi la matabwa lithandizanso. Ndowa ya pulasitiki yosabooka siyenera, chifukwa madzi amaima pansi pake. Thirani mchenga wokuya zala zinayi, yalani mizu mosakhudzana, kwirirani ndi mchenga, yalaninso ina, mpaka pamwamba pakhale mchenga wokhawokha. Kusakhudzanako n'kofunika: umodzi ukaola, mchenga umatchinga anzake. Musavundikire ndi chivundikiro chothina. Chiguduli kapena udzu wouma ndi wokwanira.

Ikani mphikawo pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi moto wa kukhitchini ndi denga la malata. Sabata iliyonse pisani dzanja. Mchenga ukauma wazani madzi, osati kuthira. Mukapeza muzu wofewa uchotseni pamodzi ndi mchenga wouzungulira. Mphukira zikayamba ziphwanyeni, popeza zimadya mphamvu ya muzu. Mukasamala chotere jinja akhoza kukhala wauwisi miyezi iwiri kapena itatu. Koma kumbukirani kumene mukukhala. Anzathu a ku Tsangano, kumapiri kozizira, akhoza kusunga nthawi yotalikirapo. Ku Manjawira ndi kumunsi kofunda, ndipo kutentha kwa Okutobala kukafika mchenga umauma msanga, mizu n'kuyamba kuphuka. Pamenepo musalimbane nayo. Yotsalayo iumitseni, kapena muisunge ngati mbewu yobzala ndi mvula yoyamba.

Amene ali ndi firiji adziwe kuti jinja sakonda kuzizira kwambiri. Akakhalitsa pozizira kuposa madigiri 12 amafewa ndi kusintha mtundu m'kati.

KUUMITSA

Apa malamulo atembenuka. Muzu woti uume utsukeni bwino ndi madzi oyera, koma musauviike nthawi yaitali, pakuti mankhwala ena amasungunuka m'madzi n'kutayika. Uduleni tsiku lomwelo, ukadali wofewa, m'tizidutswa topyapyala ngati makaka a chinangwa, tokhuthala osaposa theka la chala chaching'ono. Muzu waukulu wosadula umanyenga: kunja umauma gwaa, m'kati ukuola.

Anzathu a ku Nsanje amene amakumba thabalaba m'nkhalango ya Matandwe ntchito imeneyi amaidziwa. Muzu wake ndi waukulu, wachikasu m'kati ndi wowawa kwambiri, ndipo amaudula m'timagawo tobulungira asanauyanike. Kalekale Apwitikizi ankatumiza muzu womwewu ku Ulaya kuchokera ku Mozambique, ndipo kumeneko unkadziwika ndi dzina lakuti calumba. Sukanafika uli wabwino pa ulendo wa miyezi wa panyanja ukanakhala wosadula.

Yanikani pa thandala, pa mphasa yoyera kapena m'malichero, osati pa dothi. Ndipo tinene mosabisa za chizolowezi choyanika zinthu m'mphepete mwa msewu wa tala. Tala amatentha, inde, ndipo zinthu zimauma msanga, koma pamenepo pamagwa fumbi, utsi ndi mafuta a galimoto, pamadutsanso mbuzi ndi agalu. Chinthu choti chikalowe m'mimba mwa wodwala si choyanika pamenepo.

Mizu yonunkhira, monga gondolosi, imafuna mthunzi wopita mphepo, pakuti fungo lakelo limauluka ndi dzuwa lamphamvu. Pakhonde kapena pansi pa chisakasa mpabwino. Mizu yolimba yopanda fungo ikhoza kuyanikidwa padzuwa. Tembenuzani kawiri pa tsiku, ndipo madzulo lowetsani m'nyumba, chifukwa mame a Juni ndi Julayi amabwezera usiku madzi amene dzuwa lachotsa masana. Tameriki ali ndi kakonzedwe kakekake: amayamba wawiritsidwa pafupifupi ola limodzi mpaka afewe, kenaka amayanikidwa masiku 10 kufikira 15. Kuwiritsako kumapha muzu kuti usaphuke ndipo kumafulumizitsa kuuma, monga mmene timafutsira masamba a nkhwani tisanawayanike.

Musadabwe ndi kuchepa kwake. Makilogalamu 5 a jinja wauwisi amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi akauma. Wogulitsa awerengere zimenezi poika mtengo.

Kodi mudziwa bwanji kuti muzu wauma? Thyolani kachidutswa. Kouma kamathyoka kuti thyo, kosauma kamapindika. Alangizi a zaulimi amaphunzitsanso njira ya botolo ndi mchere poyesa chimanga, ndipo ithandiza pano. Phwanyani tizidutswa tingapo, ikani m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, ndi kudikira kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, madzi akadalimo, bwezerani pa thandala.

Mizu youma ikani m'botolo lagalasi, m'chitini chotseka bwino kapena mumtsuko womata pakamwa, pamalo okwera monga ananenera Sun Simiao. Achaina amaika mibulu ya laimu wowotcha pansi pa mtsuko, n'kutchinga ndi pepala kapena nsungwi kuti asakhudze mankhwala, ndipo laimuyo amamwa chinyontho. Miyala ya laimu si yachilendo kwa ife, popeza imakumbidwa ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka. Koma laimu wopakira nyumba, wothiridwa kale madzi, sagwira ntchitoyi, ndipo wowotchayo amatentha khungu ndi maso. Pakhomo pamene pali ana, makala ouma okulunga m'kansalu ndiwo abwino. Muziwayanikanso padzuwa mwezi ndi mwezi. Musasinje mizu yonse nthawi imodzi. Ufa umataya fungo ndi mphamvu msanga kuposa zidutswa, tsono sinjani wokwanira masiku ochepa.

Zinthu ziwiri musachite konse. Musasunge mizu m'thumba limene munali feteleza kapena mankhwala a thonje. Ndipo anankafumbwe akalowa, musathire mankhwala osungira chimanga. Yanikaninso padzuwa ndi kupeta, ndipo yofumbwa kwambiri itayeni. Ngakhale ku China amalonda ena ankafukiza mizu ndi sulufule kuti ioneke yoyera ndi kuti isafumbwe, mpaka Boma la kumeneko linaika malire a sulufule wololedwa kutsalira m'mankhwala.

CHUKU NDI MAINA

Tibwerere kwa uja amapala chuku ndi mpeni. M'chaka cha 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Pofufuza anapeza kuti mtedzawo unali ndi chuku chimene chimatulutsa poizoni, ndipo poizoniyo anamutcha aflatoxin. Alimi a mtedza dzinali analimva kwa alangizi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti poizoni yemweyo amapezekanso mu jinja, tameriki ndi mizu ina youmitsidwa mosasamala. Amaononga chiwindi, ndipo akadyedwa kawirikawiri akhoza kuyambitsa khansa ya chiwindi. Kuwiritsa sikumupha. Kupala sikuthandiza, pakuti chimene diso limaona pamwamba ndi chochepa. Timizu ta chukucho timakhala titalowa kale m'kati. Muzu wa chuku utentheni kapena muukwirire, ngakhale munauvutikira chotani.

Choopsa china ndi kusokoneza. Mizu ikadulidwa n'kuuma imafanana, ndipo ngakhale wokumba mwini wake akhoza kuiwala patapita miyezi. Muzu wa bwazi, uja wonunkha ngati mafuta otikitira minofu, ndi poizoni ukamwedwa wambiri, ndipo fungo limene munthu angaudziwire nalo limachepa ukakhalitsa. Chotero botolo lililonse likhale ndi mtundu umodzi, ndipo lembanipo dzina, kumene munakumba ndi mwezi wake. Ngati mwini mankhwala sadziwa kulemba, mwana wa sukulu amlembere. Mizu yonunkhira isapitirire chaka chimodzi. Nyengo yokumba ikabweranso, yakaleyo ichoke.

Kusunga bwino muzu sikuusandutsa mankhwala a matenda onse. Nkhani ya mankhwala a malungo itithandiza kumvetsa. Cha m'ma 340 sing'anga wa ku China, Ge Hong, analemba za chitsamba chotchedwa qinghao, nalangiza kuti chiviikidwe m'madzi ndi kufinyidwa, osati kuwiritsidwa. Patapita zaka zoposa 1,600 mayi wina katswiri, Tu Youyou, atawerenga zimenezi anazindikira kuti moto ndiwo unkaononga mphamvu ya chitsambacho, ndipo mu 1971 anaichotsa ndi njira yosatentha kwambiri. Kumeneko ndiko kunachokera artemisinin, kholo la mankhwala a LA amene zipatala zathu zinayamba kupereka mu 2007. Mayiyo analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Qinghao ndi masamba, si muzu, koma taonani mmene kakonzedwe kokha kanasiyanitsira mankhwala ogwira ntchito ndi osagwira. Taonaninso kuti LA ali ndi muyeso wodziwika m'mbulu uliwonse, pamene muzu wa m'mphika ulibe. Mwana akatentha thupi pitani naye kuchipatala akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Amayi oyembekezera asamwe mizu, makamaka mwanamphepo, amene anamwino akhala akuchenjeza kuti amayambitsa matenda mwamphamvu mpaka kung'amba chiberekero.

Amene afuna kuchita malonda a mizu adziwe malamulo awiri. Lamulo la za nkhalango la 1997 limafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo asanatenge kanthu m'nkhalango yotetezedwa ndi Boma. Ndipo lamulo la 2019 linapatsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority mphamvu yoyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno, kuphatikizapo azitsamba. Wofuna kudziwa dzina lenileni la chomera akhoza kufunsa ku National Herbarium ku Zomba.

KWA APHUNZITSI

Phunziroli ana alimva bwino ndi maso kuposa ndi makutu, ndipo silifuna ndalama zambiri. Gulani zidutswa zitatu za jinja zofanana kukula. Choyamba chitsukeni ndi kuchimangira m'jumbo chikadali chonyowa. Chachiwiri chikwirireni mu mchenga monga tafotokozera. Chachitatu chiduleni ndi kuchiyanika pa lichero. Ngati sukulu ili ndi sikelo, kapena wa golosale wapafupi angakubwerekeni, yezani kulemera kwa chilichonse tsiku loyamba. Lachisanu lililonse, kwa masabata 6, ana aziona, kununkhiza, kuyezanso ndi kulemba m'makope mwawo zimene apeza. A m'makalasi apamwamba awerengere okha kuti chachitatu chataya gawo lanji la kulemera kwake, ndipo ayerekeze ndi muyeso wa makilogalamu 5 uja. Pa sabata lomaliza alaweko cha mu mchenga ndi chouma, anene chimene chikutentha lilime koposa. Cha m'jumbo asachilawe. Ana achione jumbo ili chimangire, kenaka mphunzitsi akachikwirire yekha kudzala.